Ngamila ya ku Luchenza

Dothi la pamanda a Stephano linali lisanaume n'komwe pamene Edinah anamuona mwamuna wakeyo akuseka pafoni.

Anali m'kachipinda kochapira, kuseri kwa nyumba ya mabwana ake ku Mirdif, mu Dubai, akusita mikanjo yoyera ya bwana. Anangoti apumeko pang'ono aone zimene anthu aika pa sitetasi, basi ndi uyo, Stephano. Wavala shati yake yamizeremizere imene anasoka yekha, wakhala kumbuyo kwa makina ake osokera, botolo lakuda lili m'manja.

"Ine ndine Stephano, telala wa pa Luchenza," ankatero. "Matenda a shuga anandizunza osati masewera. Koma chiyambireni kumwa Ngamila ya ku Dubai, taonani nokha." N'kuimirira, n'kudumpha ngati kamwana, n'kuseka mano onse panja.

Pansi pa vidiyoyo panali mawu a Prisca: Umboni wina uwu! Lipirani kuno lero, m'bale wanu akatenge mawa.

Edinah anaonera mpaka kumapeto. Inayambiranso yokha, anaoneranso. Chimene chinamudzidzimutsa ndi fungo. Simbi inali itadya kolala ya mkanjo wa bwana.

Prisca sanali munthu wongokumana naye m'basi ayi. Anakulira mzere umodzi pa Luchenza, kuseri kwa njanji, ankatunga madzi pa mjigo umodzi, sukulu anaisiyira limodzi. Prisca ndiye anayamba kubwera ku Dubai. Ndiye anamupezera Edinah nyumba ya ku Mirdif, ndiye anakamuchingamira pa eyapoti, n'kumuphunzitsa kuti madamu akati yalla ndiye kuti thamanga, akati khalas ndiye kuti tseka pakamwa. Iye mwini ntchito ya m'nyumba anali atasiya kalekale. Ankakhala ku Bur Dubai, m'fulati yogawidwa ndi matabwa, akugulitsa mawigi, mafuta oyeretsa khungu, ndi Ngamila.

Malonda a Ngamila ankayenda chonchi. Iwe umamulipira Prisca kuno. Iye amati katundu amakwera ndege kupita kwa mchimwene wake, Potiphar, ndipo m'bale wako amangopita kukatenga botolo. Sitolo ya Potiphar palibe wa pa Luchenza amene saidziwa. Ndi chinyumba chija cha khonde lalitali pafupi ndi siteshoni, chimene amwenye anamanga nthawi ya atsamunda, azungu a m'minda ya tiyi akadagula kwinini pamenepo. Mpaka lero pakhoma pake pali chithunzi chofufutika cha mzimayi wachizungu atagwira supuni ya mankhwala. Makolo athu ankamuyang'ana mzimayi ameneyo n'kumeza chilichonse chotuluka pakhomo limenelo. Ana awo nawo n'chimodzimodzi, kungoti tsopano pabotolo pali ngamila yagolide ndi zilembo za Chiarabu zimene palibe angawerenge.

Stephano ankamwa mapiritsi a kuchipatala. Ankalawirira kukaima pamzere, nthawi zina n'kubwerako chimanjamanja, koma ankamwa, ndipo ankasoka.

"Mapiritsi a boma aja amangogoneka matenda," Prisca anamuuza Edinah Lamlungu lina akuyenda m'mbali mwa madzi a Creek. "Ngamila imazula ndi mizu yomwe. Aarabu olemerawa ukuganiza kuti amamwa chiyani? Koma uwauze alamu asaphatikize. Ziwirizi zikakumana m'mimba zimamenyana."

Mnzako wa pa mjigo akakuuza choncho, ungakafunsenso kwa ndani? Edinah analipira, naimbira Stephano, namuuza monga anauzidwira. Ku Mirdif ndege zimadutsa pansipansi, tsiku lonse, mpaka mawindo kunjenjemera. Edinah akamayanika zovala ankakweza mutu n'kumati botolo la mwamuna wake, bambo a Noel, lili m'menemo. Ankainyadira ndege ya eni ngati yake.

Masiku oyamba Stephano anamvadi ngati wapeza mphamvu, ndipo ndi pamene Potiphar anawoloka msewu ndi foni kudzamujambula. Kenako linabwera ludzu losatha. Kenako kachilonda pa chala cha kuphazi, pomwe ankapondera makina, kamene kanakana kupola. Kenako tsiku lina masana anagwetsa mutu pa makina, yunifolomu ya mwana wa eni ili pansi pa singano, ndipo kuchipatala anangokafika kuti akatsirizike.

Kumaliro Edinah sanapite. Madamu anali atangobereka kumene, anati inshallah, Mulungu akalola, mwana akakulako. Maliro a mwamuna wake anaonera pafoni imene mwana wake Noel anagwirizira, netiweki ikudukaduka, bokosi likuima m'malere n'kuyambanso kutsika. Prisca anabwera mpaka pageti la ku Mirdif atamanga chitenje m'chiuno, analira kuposa namfedwa, nati, "Mulungu wakonda, make Noel. Shuga uja anali atapita kale patali." Edinah anakhulupirira. Anamuthokozanso.

Tsiku la mkanjo wopsalo anamuimbira Prisca foni.

"Prisca, chotsa mwamuna wanga pa sitetasi."

"Haa? Mayo ine, foni iyi! Ndinaika zambiri nthawi imodzi, Edi, sindinaone. Pepa mnzanga, pepa. Ndikuchotsa pompano. Koma wadya?"

"Chotsa."

Anachotsadi. Sabata isanathe vidiyo ija inatulukira m'gulupu ya amayi a ku Malawi okhala ku Dubai, tsopano ataiikira kanyimbo ka kwaya pansi. Amayi amene sankamudziwa Stephano ankayankha ndi timanja topemphera. Wina mpaka analemba kuti bambo awa Mulungu awasunge. Awasunge kuti? Edinah anaimbanso.

"Si ine, anthu akungotumizirana okha," anatero Prisca. "Ndipo tamvera, Edi. Alamu akuthandiza anthu ngakhale ali kumanda. Si dalitso limenelo?"

Edinah anadula foni. Koma ngakhale pamenepo ankangoti mnzakeyo malonda amuumitsa mtima. Za mankhwala sanakayike ngakhale pang'ono. Ndipo popeza chichitikireni maliro mutu wake unkagunda ngati wina akukhoma msomali, mtima ukuthamanga popanda wouthamangitsa, anameza mkwiyo n'kupempha botolo limodzi loti amwe iyeyo.

Prisca anati yatha. Atafunsanso anati kontena ili padoko. Atafunsanso anati dokotala wake wachimwenye, wopanga mankhwalawo, wapita kwawo ku Kerala kuukwati. Tsiku lomwelo m'gulupu, Flora, mtsikana wa ku Thyolo amene amalera ana ku Silicon Oasis, analemba kuthokoza asisi Prisca kuti mayi ake atenga botolo lawo dzulo kwa a Potiphar.

Edinah anaima ndi mopu m'manja pakati pa khitchini ya eni. Yatha bwanji kuno kumene imachokera, pamene ku Luchenza ikupezeka?

Lamlungu linali tsiku lake la ofu, ndiponso amayi ankakumana masana kwa Prisca kupemphera. Iye analawira. Anakwera basi, anakwera sitima ya metro, anatsika ku Bur Dubai dzuwa likuwotcha kale ngati chiwaya. Ankakumbukira kakhomo kena pakati pa masitolo a nsalu. Tsiku lina Prisca anamuimika pamenepo nati, "Dokotala wanga ali m'mwambamu, dikira panja, sakonda chigulu." Anazungulira, anasochera, anyamata ogulitsa nsalu akumukuwira kuti mama, mama, bwera uone, mpaka anakapeza.

Anakwera masitepe opapatiza. M'malo mwa fungo la mankhwala anamva fungo la inki. Makina ankaphokosera, makadi a ukwati ali mulu, masikipa olembedwa atapachikidwa pakhoma. Bambo wina wachimwenye wa magalasi anatukula mutu. Edinah anamuonetsa chithunzi cha botolo pafoni.

"Aa, Madam Prisca!" bamboyo anamwetulira. Analowa kuseri n'kutuluka ndi mpukutu waukulu ngati gudumu la wilibala, nauika pa kauntala. Ngamila, ngamila, ngamila, zonse zagolide, zonse zoyang'ana mbali imodzi.

Edinah anafunsa m'Chingerezi chake cha kukhitchini kuti nanga mankhwalawo ali kuti.

Bamboyo anaseka, akugwedeza mutu. "Dawa nahi, mama. Sitika basi." Anafotokoza kuti mankhwala alibe, iye si dokotala, sanakhalepo dokotala, amangosindikiza zimene munthu wamuuza. Madam Prisca amabwera kudzatenga mapepala omatawa, basi. Botolo sanalionepo.

"Nanga apa palembedwa chiyani?" Edinah analoza zilembo za Chiarabu.

Bamboyo anati Madam anangomuuza kuti aike Chiarabu chilichonse chooneka bwino, ndiye anakopera mawu a pa jumbo ya m'sitolo. Zikomo, mubwerenso.

Poganiza kuti watumidwa, anaukulunga mpukutuwo m'pepala n'kumupatsa, nati apereke moni kwa Madam. Edinah anaulandira. Unali wolemera ngati mwana wakhanda. Anatsika nawo masitepe.

Kufulati anapeza Prisca kulibe, wapita kukagula mpunga ndi nkhuku za amayi. Anamutsegulira ndi Lulu, mtsikana wa ku Lusaka woluka tsitsi ku saluni, amene ankagona kuseri kwa thabwa la chipinda cha Prisca. Lulu anayang'ana phukusi, pepala litang'ambika pakona, mutu wa ngamila ukusuzumira. Anaika dzanja pakamwa.

"Iye mwandi. Manje wadziwa."

"Iwe unkadziwa?"

"Ine nkhani za ba Malawi sinilowelela. Koma patishoni iyi ni thabwa chabe, vonse nimamvela." Lulu anapinda khosi, nayamba kuyankhula mwaulemu wa Prisca. "'Achimwene, shuga mwawotcha kwambiri ulendo uno, yada ngati oyilo. Muwonjezere jinja. Mabotolo mutsuke bwino, anthu akudandaula fungo la kachasu.'"

Edinah anakhala pa bedi la Prisca. Shuga wowotcha. Munthu wodwala shuga, m'mawa supuni, madzulo supuni, shuga wowotcha. Wophikidwa kuseri kwa sitolo, tsidya lina la msewu umene Stephano ankakhala akusoka. Utsi wake ankaununkhiza ali pa makina. Ndege zonse zija ankazikwezera mutu sizinanyamulepo ngakhale dontho.

Pabedipo panali sutikesi yotsegula, yodikira munthu wopita kumudzi. Munali mawigi, nsapato za ana, ndi jumbo ya ku famase. Edinah anaitsegula. Timabokosi ta mapiritsi. Kuwerenga kwake n'kwa pang'onopang'ono, koma dzina limenelo ankalidziwa, ndi lomwe lija linali pa mapiritsi a Stephano.

"Nanga awa?"

Lulu anayang'ana pansi. "Ni ya batate bake. Nabo bali na shuga. Mwezi uliwonse amagula pa famase ya pa kona. Ati batate sibangamwe vija."

Edinah sanalire. Misozi anali atailirira kale pa geti la ku Mirdif, paphewa la munthu yemweyu. Anatenga jumbo ya mapiritsi ndi mpukutu uja n'kuika m'chikwama chake chachikulu, n'kudikira.

Amayi anayamba kufika. Nsapato zinaunjikana pakhomo, anthu anakhala pamabedi, pansi, ena pa zidebe zovundikira. Makina oziziritsa m'nyumba ankadontha m'ndowa pakona. Prisca analowa ndi majumbo a chakudya, wigi yatsopano kumutu, naponya manja m'khosi mwa Edinah.

"Namfedwa wathu wabwera! Wachita bwino, Edi, kukhala wekha kumapha. Amayi, lero timupempherere mwapadera mnzangayu."

Edinah anamva pafyumu wake. Sanamukankhe. Anangouma ngati mtengo wamagetsi.

Wotsogolera anali amayi Rosta, wamkulu pa onse, amene anabwera ku Dubai ena mwa atsikanawa akadayamwa. Anaimba, anapemphera, kenako amayi Rosta anati yakwana nthawi ya umboni. Woyamba kuimirira anali Flora. Anati akuthokoza Mulungu ndi asisi Prisca, mayi ake BP yawasautsa zaka zambiri, koma tsopano ayamba Ngamila, ndipo dzulo wawauza kuti mapiritsi a kuchipatala asiye, zisamenyane m'mimba.

"Ameni!" amayi anayankha, akuwomba m'manja.

Edinah anaimirira m'manja musanathe.

"Nanenso ndili ndi umboni."

"Nenani, make Noel," anatero amayi Rosta mokoma mtima. "Mulungu amatonthoza amasiye."

"Ndiyambe ndi funso. Ndani mwa inu anagwirapo botolo la Ngamila muno mu Dubai? Osati pafoni. Ndi dzanja lake."

Madzi okha ndiwo ankati do, do, m'ndowa muja. Amayi anayang'anana, aliyense kudikira kuti mnzake akweze dzanja.

"Edi," Prisca anaseka, "katundu amangodutsa, sakhalitsa kuno. Khala pansi, mutu uja wayambanso."

Edinah anapisa m'chikwama. Anagwira nsonga ya mpukutu n'kuuponya. Unagubuduzika pamiyendo ya amayi, pamwamba pa mbale za mpunga, mpaka unakagunda chitseko, ngamila zagolide zitayala msewu chipinda chonse.

"Katundu wake ndi ameneyu. Dokotala wa ku Kerala ndamuona lero ndi maso angawa, amasindikiza makadi a ukwati." Anamatula ngamila imodzi n'kuimata pa fulasiki ya tiyi. "Flora, tiyi uyu tsopano akuchiza BP. Mwa." Anamatula ina n'kukaimata pa ndowa ya pakona. "Madzi awa akuzula shuga ndi mizu yomwe. Ndani akufuna? Lipirani kuno, m'bale wanu akatenge mawa. Akatenge shuga wowotcha ndi jinja, wophika Potiphar kuseri kwa sitolo, m'mabotolo a kachasu. Mwamuna wanga anamwa zimenezo mpaka chala chinawola."

"Bodza!" Prisca anakuwa. "Ndani wakuuza? Ka Zambia kaja? Kansanje!"

"Ine sininakambe vabodza," anatero Lulu ali pakhomo. "Thabwa ni yako, kamwa ni yako."

Edinah anakhuthula jumbo ya ku famase pamphasa. Timabokosi tinabalalika.

"Awa ndi a bambo ake a Prisca. Nawonso ali ndi shuga. Iwowa ndege amakweradi. Prisca, bambo ako bwanji sukuwapatsa Ngamila? Si imazula? Mapiritsi si amangogoneka matenda? Wako umamugulira ku famase, wanga umamuphikira shuga. Unabwera pageti, unandilirira paphewa, ukudziwa. Ndinakuthokoza, Prisca. Ndinakuthokoza!"

Prisca anayamba ndi kulira, koma ataona kuti palibe akumugwira, misozi inauma msanga.

"Ine ndinamutsegula pakamwa mwamuna wako? Amene anamuimbira foni kuti asiye mapiritsi ndani, ndi ine? Munthu anali wodwala kale. Ndipo usaiwale, Edinah, mpunga umene ukudya ku Mirdif ndani anakupezera. Ndikanakusiya pa Luchenza bwenzi ukugulitsa zitumbuwa pa siteshoni."

Edinah anamulumphira. Wigi yatsopano ija inatsala m'manja mwake. Amayi anamugwira wina m'chiuno, wina m'mikono, mbale zinagubuduka, wina anaponda fulasiki. Kuseri kwa khoma munthu anayamba kumenya ndi chibakera, akukalipa m'chinenero chake.

"Khalas!" Amayi Rosta anaimirira. "Khalas, ndati! Mukufuna apolisi akwere muno? Ena mwa inu mapepala anatha kalekale, mukudziwa nokha. Fulati yamatabwayi akaiona, onse ogona muno ali pamsewu. Tili kwa eni kuno, amayi."

Chipinda chinazizira. Amene mapepala awo anatha anayang'ana zala zawo.

"Make Noel, zakupwetekani, tamva," anapitiriza amayi Rosta, mawu atatsika. "Koma malemu sadzuka. Prisca, chotsa vidiyo ija pano, tonse tikuona. Make Noel, mumukhululukire mnzanu, mugwirane chanza. Ndipo nkhani iyi ithere muno. Isafike kumudzi. Abale athu akamva adzati chiyani? Adzati zaka zonsezi tinkawanamiza kuti tikuwatumizira za ku Dubai. Tidzaikanso pati nkhope?"

"Zoona," wina ananong'ona. "Apongozi anga angandiseke mpaka kufa."

"Ine anga akuti ikuwathandiza," anatero wina. "Mwina zimatengera magazi a munthu."

Edinah anawayang'ana mmodzimmodzi. Amayi omwe anamutumizira mavesi tsiku la maliro. Amayi omwe amaimba nawo kuti ndife banja limodzi. Palibe anamuyang'ana m'maso. Ena anali atayamba kale kutola ngamila zija n'kumazikulunga bwinobwino kuti zisade.

Prisca, mutu uli ndi kaneti kokha, anatsegula foni, anaonetsa onse, nadina. "Ndachotsa. M'gulupu ndachotsanso. Mwaona nonse." Kenako anatambasula dzanja. "Edi. Tachokera kutali."

Edinah anaponya wigi pansi.

"Dzanja limenelo ukapatse ngamila."

Anang'amba ngamila zingapo pa mpukutu uja, naika m'chikwama, nafunafuna nsapato zake pa mulu, natuluka. Kumbuyo anamva amayi Rosta akuyambitsa nyimbo, ndipo amayi anailandira mwamphamvu ndithu, ngati palibe chachitika.

Pa masitepe anapeza Flora atanjuta, foni kukhutu, chala chatseka khutu linalo.

"Amayi, mapiritsi aja simunataye? Mwataya kuti? Pitani mukawatole. Ayi, musandifunse, pitani pompano."

Flora anamuona Edinah, natembenukira kukhoma. Edinah anamulambalala.

Ali m'basi yobwerera ku Mirdif foni inalira kamodzi. Amayi Rosta anali atamuchotsa m'gulupu.

Anafika dzuwa likadalipo. Sanalowe kwa madamu, anangopita ku kachipinda kochapira n'kutseka chitseko. Chinthu chimodzi chokha ndicho anachipeza pa tsiku lonselo: nkhope ya Stephano yachoka pamalonda. Anaimbira apongozi ake ku Luchenza kuti awauze zonse, zoti ithere muno zinali za amayi Rosta, osati zake.

"Make Noel, mwana wanga, mwaswera bwanji kumeneko? Ndangofika kumene, ndinali kwa a Potiphar."

"Kwa Potiphar? Kukatani, amayi?"

"Kukamuona Stephano. Iii, simunamve? A Potiphar anagula TV yaikulu, anaipachika pamwamba pa kauntala. Tsiku lonse Stephano ali m'menemo, akuyankhula, akudumpha. Anthu amadzaza pakhonde. Ine amandiikira mpando kutsogolo. Ndi munthu wabwino bambo ameneuja. Dzulo wandipatsa botolo laulere, la miyendo yangayi."



"Amayi, botolo limenelo tayani. Ndi shuga wowotcha. Amaphikira kuseri kwa sitolo komweko. Ndi limene linapha mwana wanu."

"Ayi, make Noel, chisoni chakusokonezani. Pabotolo pali zilembo za kwanuko, ndaziona ndi maso anga. Si inu nomwe munkamutumizira?"

"Amayi, ndimvereni..."

"Ndipo musawauze kuti azimitse, ndapota nanu. Kumanda ndikapita ndimangoona dothi. Paja ndimamva mawu ake. Akazimitsa, mwana wanga ndikamuonera kuti?"

Kenako mayunitsi a Edinah kapena netiweki, chimodzi mwa ziwirizi, chinadula foni.

Ndege inadutsa pamwamba, windo linanjenjemera. Sanakweze mutu.

Vidiyo ija nayenso anali nayo. Anaisunga tsiku loyamba lomwelo, mkanjo wa bwana ukufuka utsi, chifukwa pa dziko lonse lapansi palibenso pena pamene Stephano anajambulidwa akuyenda ndi kuyankhula. Anaitsegula. Anaika chala chachikulu pa botolo kuti asalione, natsala ndi shati yamizeremizere, mano, ndi kudumpha kuja. Anaonera mpaka kumapeto. Ankadziwa chimene akufuna kuwalanda apongozi ake. Ankadziwanso kuti pakhonde paja pamaima anthu ena a shuga, akuonera telala akudumpha.

"Edinah!" Madamu anaitana kuchokera m'nyumba.

Edinah anatenga botolo la mankhwala otsukira chimbudzi pa shelefu. Anamatula ngamila yagolide, naimata pakati penipeni, naisalaza ndi chikhatho. Foni anaitsamiritsa pa bokosi la sopo, kamera itamuyang'ana. Anakonza duku lake lakuda. Manambala a pa Luchenza anali nawo ambiri: a kumpingo, a pamsika, anyamata a kabaza amene Stephano ankawasokera mathalauza. Anadina, nayamba kujambula vidiyo yoti awatumizire.

"Ine ndine Edinah, mkazi wa telala uja mukumuona akudumpha kwa Potiphar. Munthu ameneyo anamwalira. Ali kumanda, mzere wa kumapeto, pafupi ndi mtengo wa bulugamu. Pitani mukaone ngati akudumpha."

"Edinah! Yalla!"

Adikire. Edinah anakweza botolo lija, ngamila itayang'ana kamera.